Yakana Kuyaka, Ba Neba!

Tiyambire ku Kanyama, mu Lusaka, komwe nkhani zimakupeza usanazifunse. Mu Seputembala 2024, madzi atachepa ku damu la Kariba ndipo magetsi akubwera maola 3 okha patsiku, mkulu wina anakweza kompyuta yake pa wilibala, n'kutsata Los Angeles Road mpaka m'tauni. Wokonza makompyuta wa mu Katondo Street analiza jenseti yake, kulumikiza, kudina batani, kompyuta n'kuyaka bwinobwino. Mkulu uja analipira n'kubwerera. Kutacha ndi uyo watulukiranso, thukuta lili kamukamu. Kulumikiza, yayaka. Tsiku lachitatu wokonza uja anafunsa: "Ba mudala, kodi kunyumbako malaiti muli nawo?" Mkuluyo anaseka mpaka kutsamira wilibala. "Iwe mwana, malaiti a chiyani? Ine ndimalemba masana, kunja kuli ngwee!"

Ku Chawama mnyamata wa lendi anaimbira foni tekinishani. "Ba bosi, yakana." "Babu likuyaka?" "Ayi." "Nanga wailesi?" "Zii." "Kwa aneba?" "Kukulira nyimbo." "Ndiye mayunitsi atha. Gula thokeni pa foni, ulowetse manambala onse 20." Patapita kanthawi foni inaliranso. "Ndalowetsa kawiri konse, palibe chachitika." "Mita yalemba chiyani?" "Mita? Ine ndalowetsa pa kiyibodi." "Pa mita, iwe!" Mnyamata anatsitsa mawu. "Mita ili pakhonde pa ba landilodi, ndipo lendi ya miyezi iwiri sindinapereke. Palibe njira yoti kompyutayi iwatumizire mwakachetechete?"

Tikwere basi ya ku Matero. Kumeneko kuli mayi wina wa kashopu kotaipa makalata ndi kufotokopa zitupa za NRC. M'mawa wina kompyuta zii, pulinta zii, pomwe wometa tsitsi wa khomo loyandikana makina ake akulira bwinobwino. Tekinishani anagwada pansi pa tebulo n'kuyamba kulondola zingwe ndi dzanja. Cha CPU chinalowa mu ekisitenshoni, cha monita momwemo, cha pulinta momwemo. Analondola cha ekisitenshoniyo. Chinazungulira mwendo wa tebulo, kudutsa kuseri kwa katoni ya mapepala, n'kubwerera kudzalowa mu ekisitenshoni yomweyo. "Amayi, ndani wachita izi?" Mayi anadziguguda pachifuwa. "Ndine amene. Mayunitsi akudula, mwanawe. Ndati magetsi omwe analowa dzulo azingozungulira momwemo."

Pa sukulu ina ya ku George kompyuta ya mu ofesi inali ndi khalidwe lakelake. Tsiku lililonse 10 awazi ikakwana inkazima, osayakanso mpaka theka la ola litadutsa. Ahedi anaitana tekinishani. Anasintha soketi, kusintha fyuzi, kuyeza chilichonse choyezeka, zonse zili bwino. Tsiku lotsatira anangokhala phee kuseri kwa kabati. Nthawi itakwana ndendende, analowa mlonda wa pasukulupo, kuzula chingwe chakuda cha kumbuyo kwa CPU, n'kuyamba kuchikulunga mwaulemu. "Ba malonda, mukupita nacho kuti chingwe cha kompyuta?" Mlonda anadabwa. "Cha kompyuta? Ichi ndi cha ketulo ya aphunzitsi, bosi. Kompyutayo imangobwereka."

Ku Mtendere, kwa agogo ena omwe anapuma pa ukalipentala, tekinishani anamasula pulagi ya miyendo itatu n'kutulutsa kafyuzi kakuda bii. "Aka ndi kamene kapsa, asikulu. Ntchito yake ndi kufa koyamba magetsi akayamba kudutsa mopyola muyeso, kuti chingwe ndi nyumba zipulumuke. Mugule kena." Agogo anapukusa mutu. "Chinthu chogula ndi ndalama chizifa dala?" Anatenga msomali, kuudula pa muyeso wake, n'kuulowetsa m'malo mwa fyuzi. "Msomali sufa." Patatha masabata awiri tekinishani anaitanidwanso. Anapeza chingwe chasungunuka, power supply ikununkha utsi, khoma lada mpaka pa kalendala. Agogo anafukula pulagi m'phulusa, kutulutsa msomali uja n'kuukweza m'mwamba. "Waona? Uli bwinobwino."

Tibwerere ku Chawama, ku tchalitchi china mwa aja opempherera m'kalasi ya sukulu Lamlungu. Kompyuta yoonetsera nyimbo pakhoma inakana kuyaka pa tsiku lenileni la zopereka zapadera. Akulu a mpingo anadina batani mosinthana, osaphula kanthu. Abusa anavula jekete, kusanjika manja pa CPU, n'kuyamba kudzudzula mzimu wa mdima, mkulu wina akudinabe batani kutsogolo. Kamtsikana ka Giredi 7 kanakwawira kumbuyo, kanapeza kaswichi ka pa power supply kali pa O, n'kukakankhira pa I. Fani kulira, khoma kuwala, mpingo wonse kuimirira ndi nthungululu. Kamtsikana kanakoka chitenje cha mayi ake. "Amami, ndine ndakankha kaja ka kumbu..." Mayi anakatsina pantchafu. "Tseka pakamwa, iwe. Sukuona mbale ikudzaza?"

Mnyamata wina anatsika basi pa Kulima Tower atakumbatira monita yokulungidwa m'bulangete. "Ba bosi, kompyuta yanga siyaka kuyambira tsiku lomwe ndinagula." Wokonza anayang'ana monita, n'kusuzumira kumbuyo kwa mnyamatayo. "CPU ili kuti?" "Chiyani?" "Chibokosi chachitsulo chija, cha batani kutsogolo, momwe muli zonse." "Ooh, chija anandipatsa mbasela? Chili kunyumba, koma lero sichingabwere." "Chifukwa?" "Kwabwera alendo. Apongozi akhalapo."

Mnzake wa ku George vuto lake linali lina. Fani ikulira, kagetsi kobiriwira kakuyaka, koma sikirini yangolemba mawu awiri: No Signal. Anasenza CPU kukwera nayo padenga, palibe. Anapita nayo pansi pa tawa ya foni, palibe. Anamata SIM ya MTN pambali pake ndi selotepu, kenako ya Airtel, kenako ya Zamtel, mwina n'kugwirako kamodzi. Tekinishani atafika anangofunsa za chingwe cha mitu yabuluu cholumikiza monita ndi CPU. Mkazi wa mnyamatayo analoza panja, pakati pa windo ndi mtengo wa mapeyala, pomwe matewera ankauluzika ndi mphepo. "Dikirani aume, ankolo. Netiweki ibwera cha m'ma 15 awazi."

Ambuya ena a ku Kalingalinga analandira katoni kuchokera kwa mwana wawo wa ku America, muli zovala ndi kompyuta yakale. Mdzukulu analumikiza pa soketi. Phuu! Utsi tolo, nkhuku kubalalika. Tekinishani anatembenuza CPU n'kuloza kaswichi kofiira ka kumbuyo. "Ambuya, onani apa, kali pa 115. Musanalumikize kanayenera kukankhidwira pa 230. Magetsi a ku America ndi mavoti 120, athu kuno ndi 230." Ambuya anatukula nsidze. "Ndiye kuti athu ndi amphamvu kuposa a ku America?" "Pafupifupi kawiri." Anamanga chitenje, ulendo wa pa mpopi. "Azimayi, mwamva? Lekani kudandaula ndi lodishedingi. Magetsi athu ndi aukali kwambiri, ndiye amatipatsa pang'onopang'ono kuti tisapse."

Chaka chomwe chija cha 2024, Pulezidenti Hakainde Hichilema atalengeza pa 29 Febuluwale kuti chilala ndi tsoka la dziko lonse, bambo wina wa ku Mtendere anafotokozera kamwana kake chifukwa chomwe makatuni sakuonekera. "Kompyuta siyaka chifukwa madzi achepa. Magetsi amapangidwa ndi madzi, mwanangu." Madzulo pobwera ku ntchito anapeza CPU ikudontha, kamwana kaima pambali ndi botolo la malita 2. "Adadi, ndathiramo awiri. Ndikatungenso?"

Iyi ndi ya ku Matero. Amalume ena analandira malangizo pa foni. "Zulani pulagi pakhoma. Mwazula? Manje dinikizani batani loyatsira, osasiya, kuti magetsi otsalira mkati atuluke. Mugwire choncho mpaka ndi..." Thokotaimu inathera pomwepo. Tekinishani ankafuna kunena masekondi 30 okha, koma anaganiza kuti munthu wamkulu adziwa yekha. Madzulo atadutsako anapeza banja lonse lili pa mzere m'chipinda chochezera, pepala la mayina lamatidwa pakhoma, mwana woyamba akuwongola chala chotupa, ambuya atatsamira CPU chala chili pa batani. Amalume anamulandira ndi nkhope ya munthu wogwira ntchito. "Sitinasiye ngakhale pang'ono, bosi. Tikusinthana. Alamu anu alowa 18 awazi."

Mwini kantemba wina ku Kanyama amasunga mndandanda wa ngongole mu kompyuta, chifukwa kope linanyowa ndi mvula. Tsiku lina kudina batani, sikirini yakuda, mkati mukungomveka pii, pii, pii. Tekinishani anamvetsera kulirako n'kunena kuti ndi RAM yomwe sinakhale bwino. Anatsegula, kuizula, kutulutsa labala ya pensulo m'thumba, n'kuyamba kupukuta mano ake agolide aja. Mwini kantemba anakuwa: "Iwe, ukufufuta chiyani? Muli ngongole za anthu mmenemo!" Mawuwo anamveka mpaka pamsewu. RAM inabwerera pamalo pake, kompyuta inayaka, mndandanda uli wonse osachoka ngakhale ngwee imodzi. Koma potuluka tekinishani anapeza anthu 15 akumudikira, wina ndi vitumbuwa, wina ndi Chibuku, mayi wina akumuyalira chitenje pansi. Iye anadya, namwa, n'kukwera basi asanayankhe funso lililonse.

Wina ku Chawama kompyuta yake inkayaka tsiku lina, kukana tsiku lina, ndipo ikayaka inkaonetsa deti la zaka zambiri zapitazo. Tekinishani anatokosa pa motherboard n'kutulutsa kabatire kozungulira, CR2032, ka mavoti 3. "Aka katha, ba bosi. Ndi kamene kamasunga nthawi." Mwini wake anakaika pachikhatho, kukatembenuza, nkhope ikusintha. "Chimakina chonsechi chimayendera kameneka? Ndiye mayunitsi ndimagula mwezi ndi mwezi aja amapita kuti?" Asanayankhidwe anali atatuluka kale. Mawa lake foni: "Ba tekinishani, yakananso." "Pulagi ili pakhoma?" "Ndazula ndataya. Ndagula mabatire anayi, ine ndi Zesco tasiyana mwamtendere."

Mu Okutobala, Lusaka akamatentha mpaka malata kulira okha, tekinishani anafika pa nyumba ina ku Kalingalinga kudzayeza power supply. Anaitulutsa m'bokosi, kutenga kawaya kopanira mapepala, kukapinda, n'kulumikiza waya wobiriwira ndi wakuda pa pulagi yaikulu ija ya mapini 24. Kuyatsa pakhoma, fani n'kuyamba kuzungulira. "Iyi ili ndi moyo, amayi. Ndiye kuti vuto lili kwina, tione motherboard." Mayi wa panyumbapo anasendeza mpando, kuika nkhope pafupi ndi kamphepoko, n'kutsinzina. "Basi, siyira pomwepo, mwanangu. Zinazo utenge, ndi malipiro ako."

Ku George anatsegula CPU ina yomwe inali isanatsegulidwepo chigulireni. Fumbi linatuluka loti ukhoza kudzalapo tomato, ndipo pambuyo pake panatuluka mphemvu, zazikulu kutsogolo, ana pambuyo. Ina inali itauma mkati mwa power supply, miyendo m'mwamba. "Ba neba, nayi yakupherani makina. Inagunda pomwe sipagundidwa." Mwini nyumba anawerama, kuyang'anitsitsa mtembowo, n'kudzuka atakwiya. "Tinyamule tibweze ku City Market komwe ndinagula. Mphemvu zanga ndimazidziwa, iyi ndi ya mwini wakale."

Mvula ya mu Januwale ikagwa ku Kanyama, madzi salowa m'nyumba mogogoda. Mnyamata wina anadzuka n'kupeza nsapato zikuyandama, CPU yamira mpaka pakati. Mnzake anamulangiza kuti asayatse, aiumitse kaye, ndipo anthu foni ikanyowa amaikwirira mu mpunga. Patatha masiku atatu anaibweretsa kwa tekinishani ili yolemera modabwitsa. Kumasula chivindikiro, mkati monse mwadzaza zoyera, zolimba, zomata pa fani, pa RAM, paliponse. "Iwe, ichi n'chiyani?" "Mpunga wadula, bosi. Ndinathira unga wa bulekifasiti." Tekinishani anatosa ndi chala, kununkhiza, n'kuitana mnyamata wake wa ntchito. "Boyi, thamanga ukagule kapenta."

Ku Kalingalinga, m'mbali mwa Alick Nkhata Road momwe mwadzaza owotcherera mageti ndi mafelemu a mawindo, munkakhala mnyamata wa pa yunivesite ya UNZA. Ankadandaula kuti anzake ogona nawo amatsegula CPU yake n'kubwereka RAM osapempha. Neba wake wowotcherera anamumvera chisoni. "Bweretsa kuno, mwana wa sukulu." Mphindi zisanu, chivindikiro chawotchereredwa ngodya zonse zinayi. Mnyamata anathokoza kwambiri. Kunyumba kudina batani, zii, ndipo asainimenti ikufunika Lolemba. Tekinishani anaizungulira CPU ndi sikuludiraiva m'manja, osapeza polowera. Anabwerera nayo kwa wowotcherera uja. Mkuluyo anakweza magalasi ake akuda pamphumi. "Kutseka ndinachita mwaulere monga neba. Kutsegula ndi K200, disiki ya gulainda ndi yanu."

Dalaiva wa minibasi ya ku Matero anagulira ana ake Dell OptiPlex yogwiritsidwa kale ntchito. Kudina batani, kagetsi kachikasu kakungophethira. Tekinishani pa foni anati chikasucho ndi chenjezo, mwina ndi power supply, mwina RAM yamasuka, asaikakamize. Dalaiva anaseka. "Chikasu? Ife pa maroboti chikasu timangoponda." Anaitana kondakitala wake, kukweza CPU pa wilibala, n'kuikankha mothamanga pa msewu wa mabampu wa kuseri kwa msika, dalaiva akukuwa kuti "Manje! Manje!" Wilibala inagunda mwala, CPU inadumpha n'kutera chagada. Kubwerera nayo m'nyumba, kulumikiza, ndipo chomwe chinamasuka mkatimo chinali chitabwerera pamalo pake, chifukwa inayaka. Dalaiva anapukuta manja. "Ndinanena ine. Imangofuna giya yachiwiri." Kondakitala anatambasula dzanja kwa ana aja: "Mutu uliwonse K5."

Mu Novembala 2015 ana a Giredi 9 analemba koyamba mayeso a makompyuta, ndipo m'masukulu ena anatuluka usiku chifukwa makina anali ochepa, magetsi akuzimazima. Kamnyamata kena kanadikira kuyambira m'mawa, nthawi yake n'kukwana kunja kutada. Kanali kasanakhudzepo kompyuta yeniyeni. Zaka ziwiri zonse aphunzitsi ankaijambula pa bolodi, ndipo pofuna kuonetsa kuti yayaka ankapaka sikirini yake kuti mbuu. Woyang'anira mayeso anati: "Funso loyamba, yatsa kompyuta." Kamnyamata kanayang'ana kutsogolo, kuyang'ana kumbuyo, n'kukweza dzanja molimba mtima. "Madamu, ndipatseniko choko."

Bambo wina wa ku Chawama anagula UPS ku Kamwala atamva kuti imasunga magetsi. Anaisiya pa soketi sabata lathunthu osalumikizako kanthu, kuti idzaze bwino. Malaiti atapita anaitana aneba kudzaonera. Analumikiza kompyuta, ikuyaka, anthu m'manja. Patatha mphindi 10, pii, pii, zii. Kutacha anali kale pa kauntala. Wogulitsa anafotokoza kuti mkatimo muli kabatire ka mavoti 12, kongokupatsa mpata woti useve ntchito n'kuzimitsa bwino. Bamboyo anamenya kauntala. "Ine ndaponya magetsi a masiku 7, ndalandira mphindi 10. Ichi ndi chilimba chija msungichuma amasamuka tsiku lako likafika!"

Mu Epulo 2023, lamulo litalola anthu kutapako 20 peresenti ya ndalama zawo za penshoni za ku NAPSA, makafe a intaneti anadzaza ndi madoda ofuna kulembetsa. Pa kafe ina ya ku Matero mzere unafika pamsewu, ndipo kompyuta yokhayo yomwe inalipo inasankha tsiku lomwelo kukana kuyaka. Tekinishani anayeza apa ndi apo, n'kuona timakapasita ta pa motherboard tatupa mitu. "Iyi ndipite nayo ku shopu." Atangoinyamula, madoda atatu anatseka chitseko. Wamkulu pa onse, yemwe anagwira ntchito ku njanji zaka zambiri, anavula chipewa n'kulankhula modekha. "Mwana wanga, sitikukaniza. Bokosi upite nalo. Koma uyambe wakhuthula 20 peresenti yanga pa tebulo apa."

Ku Mtendere bambo wina anapatsa tekinishani K50 kuti aone chomwe chavuta, iye n'kupita kukasamba. Kutsegula CPU, chingwe chochokera ku power supply kupita pa motherboard chazulidwa bwinobwino, ndipo dzanja lomwe linazula linali losamala. Asanachibwezere, mayi wa panyumbapo anatulukira ku khitchini, mthiko uli m'manja. "Mulamu, munthu uyu amagona 02 awazi pa Facebook, akuseka yekha ndi anthu omwe ine sindiwadziwa." Anamasula mfundo ya chitenje n'kutulutsa K100. Bambo uja potuluka ku bafa anapeza tekinishani akutseka bokosi, nkhope ili yachisoni. "Ba bosi, vuto ndi lalikulu. Sipeya yake ichokera ku Dubai, miyezi itatu." Mayi anatsokomola ku khitchini. "Pepani, miyezi isanu ndi umodzi."

Batani loyatsira nalo limafa. Kwa mayi wina wa saluni ku George, tekinishani anatsegula pambali, kupeza timapini tiwiri ta batanilo pa motherboard, kutigunditsa ndi nsonga ya sikuludiraiva, kompyuta n'kudzuka. "Vuto ndi batani chabe, ba sisi. Ndibweretsa lina mawa." Mayi anamulanda sikuludiraiva ija n'kuiponya m'chikwama. "Wandigulitsa makina chaka chatha, kiyi wake n'kusunga wekha?"

Timalizire ku Kanyama konkuja, nthawi yomwe magetsi ankabwera pakati pa usiku. Akangobwera, komboni yonse inkakuwa "Yabwera!", wina kusita, wina kumeta, wina kuwotcherera geti. Tekinishani wina anapangana ndi kasitomala kuti akumane 02 awazi, popeza kompyuta yakufa sungaiyeze popanda magetsi. Anyamata olondera m'dera anamupeza akugogoda pawindo la munthu, m'thumba muli pulayala, sikuludiraiva ndi tochi. Mwini nyumba anali m'tulo tofa nato. Anamutengera ku polisi posti. "Ndine wokonza makompyuta, bwana, ndikulumbira." Ofisala analoza pakona pomwe panali CPU yokutidwa ndi fumbi. "Iyo ili ndi miyezi inayi osayaka. Ukaiyatsa, ukagona kwanu." Tekinishani anagwada, kupukuta RAM, kulimbitsa zingwe, kusintha fyuzi, kukankhira kaswichi pa I. Anapuma mozama, kuika chala pa batani, ndipo nthawi yomweyo komboni yonse inati bii. Mumdimamo munamveka ofisala akufufuza machesi mu dirowa. "Vula lamba ndi nsapato. Mlandu upitirira malaiti akabwera."